Ammonium sulphate: fataleza wopatsa mbewu sulufule, koma wosasitsa nthaka

Caka ciliconse mvula ikayandikila, nkhani ya fataleza imatenga malo aakulu pa wailesi, m'Nyumba ya Malamulo ndi m'misonkhano ya makopaletivu. Mafunso amene amamveka ndi awili: thumba likugulidwa zingati, ndipo lidzafika liti? Funso lacitatu, lakuti nthaka ya mlimi ikufuna fataleza wa mtundu wanji, silimveka kawilikawili.

Funso limeneli tsopano silingapewedwe. Boma linalengeza kuti kuyambila nyengo ya 2025/2026, alimi oposa 1 miliyoni amene amapindula ndi pulogilamu ya FISP azitenga zipangizo zaulimi kupyolela mu njila ya e-voucher m'maboma onse 116 a dziko lino. M'njila imeneyi mlimi amapita yekha kwa wogulitsa, ndipo amakhala ndi mpata wosankha umene analibe pamene matumba anali kungotsitsidwa pa depoti.

M'masitolo ena a zaulimi, pambali pa D Compound ndi urea, mumapezekanso thumba lolembedwa kuti ammonium sulphate, kapena sulphate of ammonia. Pa misika ya dziko lonse fataleza ameneyu amachipa kuposa urea, ndipo mbewu zikamulandila zimabiliwila msanga. Komabe ali ndi mbali ziwili. Amapatsa mbewu sulufule, amene mu urea mulibe, koma amasasitsanso nthaka mofulumila kuposa urea ndi ammonium nitrate. M'dziko limene nthaka yambili ndi yosasa kale, thumba limodzimodzilo lingathandize munda wina ndi kuwononga wina.

Zimene zili m'thumba

Ammonium sulphate ndi mcele woyela wooneka ngati shuga, ngakhale kuti nthawi zina umakhala wotuwilako kapena wa timibulu. Umapangidwa pamene ammonia wakumana ndi asidi wa sulufule, amene m'mafakitale amachedwa sulphuric acid. Zinthu ziwilizi ndi zoopsa ciliconse pacokha, koma zikasakanizidwa zimathetsana ukali, ndipo cotsala ndi mcele umene munthu angaugwile ndi manja. Kuti papangidwe thani imodzi, pamafunika makilogilamu pafupifupi 260 a ammonia ndi makilogilamu pafupifupi 740 a asidi.

Pa makilogilamu 100 alionse a mcele umenewu, 21 ndi nayitulojeni ndipo 24 ndi sulufule. Umasungunuka mosavuta, pakuti lita imodzi ya madzi ingasungunule magalamu oposa 700. Suyamwa cinyontho ca mumpweya msanga ngati mmene amacitila ammonium nitrate ndi urea, motelo sufulumila kuundana ukasungidwa pamalo ouma.

Ukasungunuka m'nthaka, umagawika pawili. Mbali yoyamba ndi ammonium, amene ali ndi nayitulojeni. Iyeyu amakakamila ku tinthu ta dongo ndi ku zoolelana za m'nthaka, conco mvula simukokolola msanga. Mbali yaciwili ndi sulphate, mtundu wa sulufule umene mizu ingathe kuyamwa nthawi yomweyo.

Pali ubwino wina umene alimi a cimanga ayenela kuudziwa. Urea akamwazidwa pamwamba pa nthaka osakwililidwa, dzuwa n'kuwala popanda mvula, mbali ina ya nayitulojeni wake imasanduka mpweya wa ammonia ndi kuuluka. Ammonium sulphate sataya nayitulojeni wambili mwa njila imeneyi pa nthaka yosasa kapena yapakati. Pa nthaka yokhala ndi laimu wambili ndi pamene nayenso amataya akasiyidwa pamtunda.

Kumene anacokela

Fataleza ameneyu ndi wakale kuposa urea. M'zaka za m'ma 1800, maiko a ku Ulaya anali kumupeza kucokela ku ammonia wotuluka pootcha malasha okumba pansi m'mafakitale a gasi ndi a zitsulo. Mu 1909 katswili wa ku Germany, Fritz Haber, anaonetsa kuti ammonia angapangidwe kucokela ku nayitulojeni wa mumpweya. Carl Bosch wa kampani ya BASF anakulitsa njilayo, ndipo mu 1913 fakitale yoyamba inatsegulidwa ku Oppau. Fataleza woyamba kutuluka m'fakitale imeneyo anali ammonium sulphate.

Dzina la Oppau limakumbukidwanso cifukwa ca ngozi. Pa 21 September 1921, nkhokwe imene munali matani pafupifupi 4,500 a ammonium sulphate wosakaniza ndi ammonium nitrate inaphulika, ndipo anthu oposa 500 anafa. Anchito anali kuphwanya fataleza woundanayo ndi zophulitsila. Mphamvu ya kuphulikako inacokela kwa ammonium nitrate, amenenso anaphulika pa doko la Beirut pa 4 August 2020 ndi kupha anthu oposa 200. Maina awiliwa ndi ofanana, koma ammonium sulphate payekha saphulika ndipo sayaka. Ndiye cifukwa cake amagwilitsidwanso nchito m'mankhwala oteteza matabwa ndi nsalu ku moto.

Patapita zaka, urea anamulanda malo pa msika wa dziko lonse pa cifukwa cimodzi cacikulu: thumba lake limanyamula nayitulojeni woculuka kuwilikiza kawili ndi kuposapo.

Masamu a thumba

Mlimi amene akuyelekezela mitengo ayenela kuwelengela cakudya ca mbewu cimene cili m'thumba, osati kulemela kwa thumbalo. Urea ali ndi mapelesenti 46 a nayitulojeni, motelo thumba la makilogilamu 50 lili ndi makilogilamu 23. Thumba lofanana nalo la ammonium sulphate lili ndi makilogilamu 10.5 a nayitulojeni ndi 12 a sulufule. Kuti mlimi apeze nayitulojeni wa thumba limodzi la urea, ayenela kugula matumba awili a ammonium sulphate ndi kuwonjezelapo pang'ono.

Kwa zaka zambili, uphungu umene alimi a cimanga m'Zambia akhala akulandila ndi wakuti aike matumba anayi a D Compound ndi anayi a urea pa hekitala, kapena kuti thumba limodzi la wapansi ndi limodzi la wapamwamba pa lima imodzi. Matumba anayi a urea ali ndi makilogilamu 92 a nayitulojeni. Kuti mlingo womwewo upezeke mu ammonium sulphate, pangafunike matumba pafupifupi 9.

Conco, ngati mtengo wa thumba la ammonium sulphate uposa theka la mtengo wa urea, mlimi wofuna nayitulojeni yekha walipila zambili, ngakhale aone ngati wagula mochipa. Vuto limeneli ndi lalikulu m'dziko lopanda doko ngati Zambia. Fataleza wocokela kunja amayenda ulendo wautali kucokela ku Dar es Salaam, Beira, Nacala, Durban kapena Walvis Bay, ndipo mwini galimoto amalipilitsa pa kulemela kwa katundu. Kucokela pa depoti kufika kumunda, ngolo ya ng'ombe kapena njinga iyenelanso kuyenda maulendo awili m'malo mwa umodzi.

Phindu la ammonium sulphate, motelo, silili pa nayitulojeni. Lili pa sulufule.

Njala ya sulufule

Mbewu zimafuna sulufule kuti zipange mapuloteni ndi mafuta. Mbewu za mafuta monga nshawa, soya ndi mpendadzuwa, zimene alimi a cigawo ca Kum'mawa amadalila kwambili, zimamufuna kuposa cimanga. Anyezi, kabichi ndi repu nazonso zimamufuna wambili. Kwa cimanga ndi mbewu zina za mtundu wake, akatswili amawelengela kilogilamu imodzi ya sulufule pa makilogilamu 10 mpaka 15 alionse a nayitulojeni. Sulufule akasowa, mbewu imalephela kugwilitsila nchito bwino nayitulojeni amene yapatsidwa.

Alimi ambili amasokoneza njala ya sulufule ndi ya nayitulojeni, cifukwa zonse zimacititsa masamba cikasu. Kusiyana kwake kumaonekela pa malo. Nayitulojeni akasowa, cikasu cimayambila ku masamba akale a m'munsi, kucokela kunsonga ya tsamba kutsata msempha wapakati. Sulufule akasowa, masamba ang'onoang'ono a kumwamba ndiwo amayamba kutuwa. Mlimi amene aona masamba a kumwamba acikasu n'kuthamangila kuwonjezela urea angathe kutaya ndalama popanda kusintha kulikonse.

Sulufule wambili wa m'nthaka amakhala m'zoolelana za masamba, mapesi ndi manyowa. Nthaka ya mcenga, imene mvula imaikokolola mosavuta, imasowa sulufule msanga. Kutentha mapesi pambuyo pokolola kumawonjezela vutoli, pakuti mbali yaikulu ya sulufule ndi nayitulojeni wa m'mapesiwo imapita ndi utsi.

Apa pali mfundo imene siichulidwa kawilikawili. D Compound wa m'Zambia ali ndi mapelesenti 10 a nayitulojeni, 20 a phosphate, 10 a potash, ndiponso mapelesenti pafupifupi 6 a sulufule. Matumba anayi amapatsa hekitala makilogilamu 12 a sulufule, mlingo umene umayenelana ndi makilogilamu 112 a nayitulojeni wocokela ku matumba onse 8. Mlimi wa cimanga amene amaika wapansi wokwanila, nthawi zambili sakhala ndi njala yaikulu ya sulufule.

Amene ali pa ngozi ndi mlimi amene walephela kugula wapansi n'kudalila urea yekha, amene wamwaza thumba limodzi pa munda woyenela matumba anayi, kapena amene amagwilitsila nchito fataleza wa phosphate wopanda sulufule monga DAP. Kwa mlimi wotele, thumba limodzi la ammonium sulphate limabweletsa sulufule wofanana ndi wa matumba anayi a D Compound. Sikofunika kusiya urea kothelatu. Thumba limodzi pa hekitala, lothilidwa pamodzi ndi ndondomeko ya wapamwamba, lingathe kutseka mpatawo.

Mmene nthaka imasasila

Walila mvula walila matope. Ammonium amene amadyetsa mbewu ndiye amabweletsanso asidi. M'nthaka yofunda ndi yacinyontho muli mabakiteliya amene amasandutsa ammonium kukhala nitrate pa milungu yocepa cabe. Pa kusintha kumeneku pamatuluka asidi. Ngati mizu yayamwa nitrate ameneyo, mbali ina ya asidiyo imathetsedwa. Koma mvula yamphamvu ikamukokolola kupita pansi, amatenganso calcium ndi magnesium, ndipo nthaka ya pamwamba imatsala yosasa kuposa kale.

Urea nayenso amasanduka ammonium ndipo amasasitsa nthaka, koma posungunuka amayamba wathetsa mbali ina ya asidi. Ammonium sulphate alibe cothetsela cotelo. Pa kilogilamu iliyonse ya nayitulojeni, iye amasiya asidi woculuka kuwilikiza kawili kapena katatu poyelekezela ndi urea. Ciwelengelo cimene akatswili a nthaka amagwilitsila nchito n'cakuti makilogilamu 100 a ammonium sulphate amafuna makilogilamu pafupifupi 110 a laimu kuti asidi wake athe. M'mau osavuta, thumba lililonse la fatalezayu limasiya ngongole ya thumba limodzi la laimu. Matumba anayi a urea pa hekitala amasiya ngongole ya makilogilamu pafupifupi 165 a laimu, pamene matumba 9 a ammonium sulphate amasiya ya makilogilamu pafupifupi 495.

Anthu ena amaganiza kuti sulufule ndiye amasasitsa. Sizili conco. Gypsum, amene alimi ena a nshawa amathila mbewu ikayamba maluwa, alinso ndi sulphate, koma sasasitsa nthaka. Kumene nthaka yasasa kale koma ikusowa sulufule, gypsum kapena single superphosphate angathe kupeleka sulufule popanda kuwonjezela vuto.

Umboni wa zaka zambili ulipo. Ku Rothamsted m'dziko la England kuli munda wa kafukufuku wochedwa Park Grass, umene unayamba mu 1856 ndipo ukupitilizabe. Zigawo za mundawo zimene zakhala zikulandila ammonium sulphate caka ndi caka popanda laimu zinasasa mpaka muyeso wa pH unatsika pansi pa 4, ndipo mitundu yambili ya zomela inatha, n'kutsala udzu wa mitundu yocepa yopilila asidi. Zigawo zimene zinalandila fataleza yemweyo pamodzi ndi laimu sizinafike pamenepo.

Muyeso wa pH umaonetsa kusasa kwa nthaka. Nambala 7 ndi yapakati, ndipo ikamatsika ndiye kuti asidi akuculuka. Kutsika ndi nambala imodzi kumatanthauza asidi woculuka kuwilikiza ka 10. Cimanga cimakula bwino kuyambila pa 5.5 kufika pafupi ndi 7. Pansi pa 5.5, aluminium wa m'nthaka amayamba kusungunuka ndi kupsleleza nsonga za mizu. Mizu imakhala yaifupi, siifika kumene kuli madzi, ndipo phosphate wa mu D Compound amamangika ndi aluminium ndi citsulo moti mbewu siingathe kumuyamwa. Pa nshawa, soya ndi nyemba, mabakiteliya a m'tinthu totupa ta ku mizu, amene amatenga nayitulojeni wa mumpweya, amafooka.

Zotsatila zake n'zakuti mlimi amaika matumba omwewo caka ciliconse koma zokolola zimacepelacepela, ndipo iye amati fataleza wa masiku ano alibe mphamvu.

Zambia si nthaka imodzi

Akatswili a zamalimidwe amagawa dziko lino m'zigawo zitatu malinga ndi mvula. Coyamba ndi ca zigwa za Luangwa ndi Zambezi ndi madela ena a kum'mwela, kumene mvula siifika mamilimita 800 pa caka. Caciwili cimalandila mamilimita 800 mpaka 1,000, ndipo cikuphatikiza mapili a Kum'mawa, Lusaka, mbali yaikulu ya cigawo ca Pakati ndi ca Kum'mwela. Cacitatu cimalandila oposa 1,000, ndipo ndi ca Kumpoto, Luapula, Migodi, Kumpoto ca Kumadzulo ndi mbali yaikulu ya Muchinga.

M'cigawo cacitatu, mvula ya zaka zikwizikwi inakokolola kale calcium ndi magnesium, ndipo nthaka yambili ili ndi pH yotsika pansi pa 5. Makolo a kumeneko anapeza njila yawo kalekale: ulimi wa citemene, woocha nthambi ndi kubzala pa phulusa, unali kucepetsa kusasa kwa nthaka kwa nyengo zingapo. Kuika ammonium sulphate pa cimanga caka ndi caka m'madela amenewa popanda laimu ndi kuwonjezela mtolo pa munthu wolemedwa kale.

M'cigawo caciwili zinthu zimasiyana munda ndi munda. Nthaka ya katondo yozungulila Lusaka, imene yakhala pa miyala ya laimu, ingapilile kwa nthawi yaitali. Koma minda ya mcenga imene yalimidwa cimanga ndi urea kwa zaka makumi ambili yasasa ngakhale kumene mvula si yambili. M'zigwa, kumene nthaka ina ilibe asidi n'komwe, fatalezayu angathandize, cifukwa kutsitsako pH pang'ono kumamasula zinc ndi citsulo zimene mbewu zimasowa pa nthaka yotelo.

Mtundu wa mbewu nawonso uli ndi mbali. Tiyi, monga wa ku Kawambwa, ndi zinanazi, monga za ku Mwinilunga ndi Ikelenge, zimakonda nthaka yosasa, ndipo m'maiko ambili alimi a mbewu zimenezi akhala akugwilitsila nchito ammonium sulphate. Mpunga wa m'madzi umayenelana ndi fataleza wa ammonium kuposa wa nitrate, cifukwa nitrate amatayika msanga m'nthaka yomila.

Mlimi amene wasankha kuika laimu ayenela kumuika mvula isanayambe ndi kumusakaniza ndi dothi, pakuti amagwila nchito pang'onopang'ono. Laimu kapena phulusa siziyenela kusakanizidwa ndi ammonium sulphate m'cidebe cimodzi kapena m'phando limodzi pa nthawi imodzi. Zikakumana, nayitulojeni amasanduka mpweya wa ammonia, ndipo fungo lake loboola m'mphuno ndi cizindikilo cakuti ndalama zikuuluka.

Asidi wa ku migodi

Pali cifukwa cina cimene fatalezayu ayenela kukambidwa m'Zambia. Pafupifupi magawo atatu mwa anayi a zomupangila ndi asidi wa sulufule, ndipo dziko lino limapanga asidi ameneyu wambili. Miyala ya mkuwa imakhala ndi sulufule, ndipo ikasungunulidwa m'ng'anjo pamatuluka utsi wa sulphur dioxide, umene anthu a ku Kankoyo m'tauni ya Mufulira akhala akuucha senta. Kwa zaka zambili utsi umenewu unali kungotulutsidwa mumlengalenga, n'kumavutitsa anthu m'cifuwa ndi kuumitsa zomela. Masiku ano ng'anjo za ku Mufulira, Nchanga ku Chingola, Chambishi ndi Kansanshi ku Solwezi zili ndi makina ougwila ndi kuusandutsa asidi. Asidi wambili amabwelelanso ku migodi ya m'Zambia ndi ya ku Democratic Republic of Congo, kumene amasungunulila miyala ya mkuwa.

Cosowa ndi ammonia. Kumupanga kumafuna gasi wa pansi pa nthaka kapena malasha okumba, ndiponso magetsi ambili. Kampani ya Nitrogen Chemicals of Zambia ku Kafue, imene inayamba kugwila nchito mu 1970, inamangidwa kuti izipanga ammonia kucokela ku malasha a ku Maamba, koma m'kupita kwa zaka makina ake anakalamba ndipo nchito yake yaikulu inakhala yopanga D Compound. Mu 2025 kampani ya United Capital Fertilizer inatsegula fakitale ya urea ku Chilanga, zimene zinabwezeletsa nkhani ya ammonia wopangidwa m'dziko muno.

Ngakhale zili telo, wofuna kupanga ammonium sulphate m'Zambia ayenela kupikisana ndi China, dziko limene limagulitsa kunja matani oposa 10 miliyoni pa caka, ambili a iwo kupita ku Brazil. Mbali yaikulu ya fataleza wa ku China ndi zotsalila za m'mafakitale a caprolactam, mankhwala opangila nayiloni, ndi za m'mafakitale a zitsulo. Popeza eni ake amapeza phindu pa katundu wina, angathe kumugulitsa mochipa. Cimene cingateteze wopanga wa m'dziko muno ndi mtunda wautali wocokela ku doko, ndiponso kusadalilika kwa misika ya kunja, monga zinaonekela mu 2021 ndi 2022 pamene mtengo wa gasi unakwela ndipo nkhondo ya Russia ndi Ukraine inakweza mitengo ya fataleza padziko lonse.

Nchito zina

Kumunda komweko, mcele umenewu uli ndi nchito ina. Madzi a m'zitsime za m'madela a miyala ya laimu amakhala ndi calcium wambili, amene amamanga mankhwala ophela udzu a glyphosate ndi kuwacepetsa mphamvu. Ammonium sulphate woyeletsedwa bwino akasungunulidwa m'madziwo poyamba, mankhwala asanathilidwe, amagwila calcium ameneyo ndipo mankhwala amagwila nchito mokwanila.

M'mafakitale a zakudya, mtundu wake woyela kwambili umadziwika ndi nambala ya E517, ndipo umaikidwa pang'ono mu ufa wa buledi kuti udyetse yisiti. M'malo opimila zinthu, akatswili amaugwilitsila nchito polekanitsa mapuloteni, kuphatikizapo a m'magazi. M'mizinda ina umathilidwa pamodzi ndi chlorine poyeletsa madzi akumwa. Wa m'thumba la kumunda si woyenela pa nchito zimenezi, ndipo ayenela kusungidwa kutali ndi ana, ziweto ndi zakudya.

Cimene cikufunika

Pulogilamu yothandiza alimi ndi fataleza inayamba mu 2002, m'nthawi ya Mtsogoleli wa dziko malemu a Levy Mwanawasa, pansi pa dzina la Fertilizer Support Programme, ndipo mu 2009 inasinthidwa kukhala FISP. Kwa zaka zoposa 20, mlimi wa ku Kasama ndi wa ku Katete akhala akulandila mitundu iwili yofanana ya fataleza, ngakhale kuti nthaka yawo ndi yosiyana. Laimu sanapatsidwe malo ofanana ndi a fataleza m'makambilano a caka ndi caka, ngakhale kuti miyala yake ikupezeka yambili ku Ndola, Lusaka ndi Chilanga. Vuto lake ndi kulemela: nthaka yosasa kwambili ingafune thani imodzi kapena kuposapo pa hekitala, ndipo mtengo wonyamulila ungapose wa laimu weniweniyo.

Atsogoleli a maiko a mu Africa asintha kale kalankhulidwe kawo. Pa msonkhano wa ku Abuja mu 2006, cholinga cinali kuwonjezela fataleza kufika pa makilogilamu 50 a cakudya ca mbewu pa hekitala. Pa msonkhano wa ku Nairobi mu May 2024, nkhani ya fataleza inakambidwa pamodzi ndi ya thanzi la nthaka.

Cilala ca nyengo ya 2023/2024 cinaonetsa kufunika kwa zimenezi. Pa 29 February 2024, Mtsogoleli wa dziko a Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa tsoka, ndipo cimanga cokololedwa caka cimeneco cinatsika kufika pa matani pafupifupi 1.5 miliyoni, kucokela pa oposa 3 miliyoni a caka ca 2023. Laimu sagwetsa mvula, koma cimanga ca mizu yaitali cimapilila masiku ambili a dzuwa kuposa ca mizu imene asidi waifupikitsa.

Malo opimila nthaka alipo. Bungwe la kafukufuku wa zamalimidwe la ZARI lili ndi likulu lake ku Mount Makulu m'boma la Chilanga, ndiponso malo ena monga Msekera ku Chipata ndi Misamfu ku Kasama. Sukulu ya University of Zambia nayonso ili ndi dipatimenti ya za nthaka. Alimi a m'kopaletivu imodzi angathe kusonkhanitsa dothi la m'minda yawo mothandizidwa ndi mlangizi wa zamalimidwe wa m'dela lawo ndi kulitumiza pamodzi, kuti mtengo ucepe.

Zotsatila za kupima n'zimene ziyenela kutsogolela mlimi pa sitolo. Ngati pH ili pamwamba pa 6 ndipo mbewu zikuonetsa njala ya sulufule, ammonium sulphate ndi thumba loyenela. Ngati ili pakati pa 5.5 ndi 6, angagwilitsidwe nchito pang'ono, laimu akumbukilidwa. Ngati yatsika pansi pa 5.5 ndipo mbewu yake ndi cimanga, nshawa kapena soya, ndalama yoyamba iyenela kupita ku laimu.

Njila ya e-voucher yapatsa mlimi mpata wosankha. Nchito imene yatsalila Unduna wa Zamalimidwe, alangizi ndi ogulitsa ndi kuonetsetsa kuti mlimiyo akudziwa nthaka yake asanasankhe, ndiponso kuti laimu akupezeka pa sitolo yomweyo imene akugulapo fataleza.